Kusankha kopita poyendera dziko la Mozambique kuchokera ku Angónia

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, soya ndi fodya zikagulitsidwa, mabanja ena a ku Angónia ndi ku Tsangano, magulu a alimi, makwaya a kutchalitchi ndi ana asukulu amayamba kukambirana za ulendo wokaona mbali zina za dziko. Funso loyamba limakhala lakuti apite kuti. Anthu ambiri a m'malire muno amadziwa Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe kuposa Beira kapena Nampula, ndipo n'zosadabwitsa, popeza kuchokera ku Ulónguè mzinda wa Lilongwe uli pafupi kuposa mzinda wa Tete.

Dziko la Mozambique siliyendereka lonse paulendo umodzi. Wofuna kuona nyanja yamchere, nyama zakutchire ndi mzinda wa Maputo m'sabata imodzi amathera masiku ake onse m'basi, n'kubwerera kumudzi ndalama ya feteleza itatha. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ulendo wopindulitsa ndi wosankha mbali imodzi ya dziko, mogwirizana ndi cholinga, masiku, thumba ndi nyengo.

Kukula kwa dziko ndi anthu ake

Mozambique ndi wamkulu pafupifupi masikweya kilomita 800,000. Dziko la Malawi lingalowemo kasanu ndi kamodzi, malo n'kutsalako. Chigawo cha Tete chokha chili ndi masikweya kilomita pafupifupi 100,000. Gombe la nyanja yamchere, kuchokera ku mtsinje wa Rovuma m'malire ndi Tanzania mpaka ku Ponta do Ouro m'malire ndi South Africa, ndi lalitali makilomita oposa 2,400. Dzikoli lili ndi zigawo 10, kuwonjezapo mzinda wa Maputo umene umawerengedwa ngati chigawo pawokha. Kalembera wa mu 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni, ndipo zigawo za Nampula ndi Zambézia ndi zimene zili ndi anthu ambiri kuposa zinzake.

Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, koma m'dzikomo muli zilankhulo zamakolo zoposa 20. Chimakua ndicho chili ndi ochilankhula ambiri. Zina zikuluzikulu ndi Chishangana, Chisena, Chilomwe, Chinyanja kapena kuti Chichewa, Chichuwabo, Chindau, Chitswa, Chinyungwe, Chiyao ndi Chimakonde. Choncho kusankha kopita n'kusankhanso chilankhulo, chakudya ndi mwambo umene munthu akakumane nawo.

Zoyamba kuziganizira

Choyamba ndi cholinga. Wina akufuna kuona nyanja, wina nyama, wina malo a mbiri ya dziko, wina kukaphunzira ulimi wa anzake. Gulu limene silinagwirizane pa cholinga limakanganira panjira.

Chachiwiri ndi masiku, ndipo powerenga masiku muyenera kulowa a ulendo wopita ndi wobwerera. Kuchokera ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 230. Kuchokera ku Tete kukafika ku Beira ndi pafupifupi 600, ndipo ku Maputo ndi oposa 1,500. Lamulo losavuta kulitsata ndi lakuti masiku okhala kumalo akhale ochuluka kuposa masiku a pamsewu.

Chachitatu ndi ndalama. Ya mbewu, feteleza, aganyu ndi zofunika za ana kusukulu iyenera kupatulidwa kaye, ndipo yotsalayo ndiyo inene kutalika kwa ulendo. Ndalama yobwerera isungidwe payokha, isakhudzidwe.

Chachinayi ndi nyengo. Miyezi ya Juni, Julayi, Ogasiti ndi Seputembala ndiyo yabwino: zokolola zakhala zitatutidwa, misewu ya fumbi yauma, ndipo kutentha kwa kuchigwa kwachepa. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umatentha kupitirira madigiri 40, pamene kumudzi ntchito yogalauza ndi kubzala ili pachimake. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe kugombe. Namondwe Idai anasakaza Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy anagwera ku Vilankulo mu Febuluwale 2023 n'kudzagweranso ku Quelimane mu Malichi chaka chomwecho.

Zipata ziwiri zotulukira

Wochokera ku Angónia ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yotsika ndi msewu wa N304 mpaka ku Mussacama, kumene umakumana ndi N7 wochokera ku Zóbuè. Msewu wa N7 umadutsa ku Moatize, Tete, Changara ndi Catandica, n'kukalumikizana ndi N6 wopita ku Chimoio ndi Beira. Pa Inchope, N6 amadutsana ndi N1, msewu waukulu wolumikiza kumpoto ndi kummwera kwa dziko. Njira imeneyi siituluka m'dziko, choncho BI yokha ndi yokwanira.

Yachiwiri ndi yodutsa m'Malawi. Dziko la Malawi linalowa pakati pa chigawo cha Tete ndi zigawo za Niassa ndi Zambézia, moti wopita ku Lichinga, Cuamba kapena Gurúè amafupikitsa ulendo kwambiri akatulukira pa Calómuè n'kulowa ku Dedza. Kuchokera kumeneko amabwereranso m'Mozambique kudzera pa Chiponde ndi Mandimba ngati akupita ku Niassa, kapena pa Muloza ndi Milange ngati akupita ku Zambézia. Njira imeneyi imafuna pasipoti ndi ndalama za kwacha zolipirira magalimoto a ku Malawi.

Wokhala ndi masiku awiri mpaka anayi: chigawo cha Tete

Ulendo wotsika mtengo kuposa onse ndi wa m'chigawo momwe muno. Ku Angónia kuli phiri la Dómuè, lalitali mamita oposa 2,000, limene Angoni a Maseko anakhazikika pafupi nalo cha m'ma 1870, ndipo dzina la bomali linachokera kwa Angoniwo. Kulinso mishoni ya Lifidzi, imene ansembe a chipani cha Ajezuwiti anaitsegula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Gule wamkulu amene amavinidwa m'midzi ya Achewa ku Angónia, Macanga ndi Chifunde anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu a padziko lonse, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia. Alendo amachokera kutali kudzaona zimene wa kuno amaziona pakhomo.

Kutsika kupita ku Tete n'kulowa m'dziko lina ndithu. Mitengo ya milambe ndi masawu imalowa m'malo mwa minda ya mbatatesi, ndipo pamsika pamamveka Chinyungwe, chimene Mchewa amachitolako pang'onopang'ono. Mumzindamo muli mlatho wolendewera wa Samora Machel pa mtsinje wa Zambezi, ndi mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto olemera azilambalala mzinda. Kumtunda kwa mtsinjewo kuli mishoni yakale ya Boroma, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kummwera kwa mzinda kuli Wiriyamu, kumene asilikali a atsamunda anapha anthu a m'midzi pa 16 Disembala 1972, ndipo pamalopo pali chipilala cha chikumbutso.

Makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete kuli tauni ya Songo ndi damu la Cahora Bassa. Ntchito yomanga inayamba mu 1969 ndipo khoma linatha mu 1974. Khomalo ndi lalitali mamita 171, ndipo makina ake amatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kugulitsidwa ku South Africa. Dziko la Mozambique linatenga ulamuliro wa damuli kuchokera kwa Portugal mu Novembala 2007. Gulu lofuna kuona malowa lipemphe chilolezo ku kampani ya HCB lisananyamuke. M'nyanja ya damuli ndi mmene mumachokera kapenta wogulitsidwa m'misika ya kuno.

Wokhala ndi sabata imodzi: Niassa, Zambézia, Manica kapena Sofala

Kwa munthu wosadziwa bwino Chipwitikizi, Niassa ndiye wosavuta. M'mphepete mwa nyanja ya Niassa, imene ku Malawi amaitcha nyanja ya Malawi, anthu a ku Metangula ndi Cóbuè amalankhula Chinyanja. Lichinga, likulu la chigawochi, lili pamtunda wozizira ngati Ulónguè, ndipo alimi ake amalimanso chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Kuchokera ku Lichinga kutsikira ku Metangula ndi makilomita opitirira pang'ono 100. Pafupi pomwepo pali mishoni ya Anglican ya Messumba, ndipo kuchokera ku Cóbuè chilumba cha Likoma, chimene ndi cha Malawi, chimaoneka bwinobwino. Nkhalango yotetezedwa ya Niassa, ya masikweya kilomita oposa 42,000, ndiyo yaikulu m'dziko muno, koma ili kutali, imafuna galimoto yamphamvu, ndipo mbali ya Mecula yakhala ikukhudzidwa ndi ziwawa.

Ku Zambézia, mlimi angasangalale ndi Gurúè, kumene kuli minda ya tiyi m'munsi mwa phiri la Namúli, la mamita 2,419, lachiwiri kutalika m'dziko muno. M'boma lomwelo amalimanso soya wambiri. Anthu ake ambiri ndi Alomwe. Likulu la chigawochi, Quelimane, limadziwika ndi mitengo ya kokonati, mpunga, njinga za kabaza ndi nkhuku yowotcha yothira mkaka wa kokonati.

Wofuna nyama zakutchire asankhe Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, kumene amalowera pamsewu wa N1 kumpoto kwa Inchope. Malowa anakhala paki mu 1960. Nyama zake zinatsala pang'ono kutheratu pa nkhondo ya zaka 16 imene inatha mu 1992, ndipo mu 2008 boma linasainirana ndi bungwe la Greg Carr wa ku America mgwirizano wozibwezeretsa. Lero kuli njovu, mikango, njati, mvuu ndi mimbulu. Pa phiri la Gorongosa alimi amabzala khofi pansi pa mitengo yachilengedwe, kuti nkhalango ibwerere iwo akupeza ndalama. Pakiyi imatsekedwa m'nyengo ya mvula, salowamo wapansi, ndipo malo ogona ndi okwera mtengo, choncho gulu lifunse mitengo lisanachite hayala galimoto.

Wongofuna kuona nyanja yamchere koyamba angapite kumzinda wa Beira. Kumeneko kuli doko limene katundu wambiri wa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amadzerako. Panjira pali Chimoio, likulu la Manica, chigawo chimene chili ndi phiri la Binga, la mamita 2,436, lalitali kuposa onse m'dziko muno. Kulinso njanji ya Sena yolumikiza Moatize ndi Beira, yodutsa pa mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita oposa 3.5, pakati pa Mutarara ndi Sena. Masiku a sitima ya anthu afunsidwe kusiteshoni ya Moatize.

Wokhala ndi sabata ziwiri: Nampula kapena kummwera

Malo otchuka kwambiri pa mbiri ndi Ilha de Moçambique, chilumba chaching'ono chimene chinapereka dzina ku dziko lonse. Amalonda achiarabu ndi achiswahili ankaimapo kale Vasco da Gama asanafikepo mu 1498, ndipo chinali likulu la atsamunda mpaka 1898 pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Pachilumbapo pali kachalitchi ka Nossa Senhora do Baluarte ka mu 1522 ndi linga la São Sebastião limene linayamba kumangidwa mu 1558. Bungwe la UNESCO linachiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1991. Chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Nampula, ndipo amafikapo pa mlatho wopapatiza wa makilomita oposa 3. Wodzera ku Mandimba angakwere sitima kapena basi pa Cuamba kupita ku Nampula. Anthu a pachilumbapo ambiri ndi Amakua achisilamu. Amayi ake amavina gule wa tufo ndipo amadzola kumaso phala loyera la mtengo lotchedwa mussiro.

Kummwera kwa mtsinje wa Save ndiko kutali kwambiri, ndipo basi imatenga nthawi yoposa tsiku lathunthu. Kwa zaka zambiri mbali zina za N1, makamaka pakati pa Inchope ndi Save, zakhala zokumbikakumbika. Ndege zonyamukira pabwalo la Chingodzi ku Tete zimafupikitsa ulendo koma mtengo wake ndi wa ochepa. Ku Inhambane kuli magombe a Tofo ndi Vilankulo, ndi zilumba za Bazaruto zimene zinakhala paki mu 1971. M'miyezi yozizira anamgumi amadutsa pafupi ndi gombe. Ku Zavala kuli Achopi, eni mangolongondo otchedwa timbila, amene UNESCO inawazindikira chaka chimodzi ndi gule wamkulu, ndipo chikondwerero chawo cha M'saho chimachitikira ku Quissico mu Ogasiti.

Chigawo cha Gaza chili ndi tanthauzo lapadera kwa Angoni. Soshangane, amene anayambitsa ufumu wa Gaza, anachoka kudziko la Azulu m'nyengo yomwe Zwangendaba ndi Angoni a Maseko anachokanso. Mdzukulu wake Ngungunhane anagwidwa ndi Apwitikizi ku Chaimite pa 28 Disembala 1895. M'chigawo chomwechi muli Nwadjahane, kwawo kwa Eduardo Mondlane, ndi Chilembene, kwawo kwa Samora Machel. Mlimi wa m'dimba angaphunzire zambiri ku Chókwè, kumene kuli ulimi wamthirira waukulu kuposa wina uliwonse m'dziko muno, wogwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Limpopo.

Ku Maputo kuli linga lakale, siteshoni yotchuka ya sitima, bwalo la ngwazi za dziko, dera la Mafalala ndi mlatho wa Katembe umene unatsegulidwa mu Novembala 2018. Gulu la alimi lingakonze ulendo wake kuti ugwirizane ndi chionetsero cha malonda cha FACIM, chimene chimachitikira ku Marracuene chakumapeto kwa Ogasiti, kumene chigawo chilichonse chimaonetsa zokolola zake.

Kumene si kopita pakali pano

Chigawo cha Cabo Delgado chili ndi mzinda wa Pemba, zilumba za Quirimbas, malo a mbiri monga Mueda ndi Chai, komanso gule wa mapiko wa Amakonde. Koma kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, anthu ambiri aphedwa ndipo mazana a zikwi athawa m'midzi yawo. Ziwawazi zafikakonso m'maboma ena a kumpoto kwa Nampula monga Memba ndi Eráti. Ulendo wongokaona malo usalunjike kumeneko mpaka akuluakulu a boma atanena kuti bata labwerera. Wopita ku Nampula kapena ku Niassa amvetsere nkhani pawailesi m'masiku oyandikira ulendo.

Miyambo ya eni malo

Kumpoto kwa Zambezi mitundu yambiri, monga Achewa, Ayao, Amakua, Alomwe ndi Amakonde, imatsata mbumba ya kuchikazi. Kummwera mwana ndi wa kwa bambo ndipo ukwati umamangidwa ndi malowolo, monga mmene Angoni ankachitira. M'magombe a kumpoto Asilamu ndi ambiri, choncho mlendo avale modzilemekeza, asafunse nyama ya nkhumba, ndipo adziwe kuti Lachisanu masana ndi m'mwezi wa Ramadan malo ena odyera amatsekedwa.

Nsima ya chimanga imapezeka pafupifupi paliponse, ndipo pa Chipwitikizi cha kuno amalemba kuti xima. Ku Nampula kuli nsima ya chinangwa, ndipo kugombe mpunga ndi nsomba ndizo za tsiku ndi tsiku. Ndiwo yotchuka ya matapa ndi chigwada chosinja, chophikidwa ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati. Mawu ochepa a chilankhulo cha eni malo amatsegula makomo. Mshangana pothokoza amati kanimambo, ndipo Msena amati takhuta, mawu amene Mchewa angawamve ngati akunena za mimba. Asanajambule munthu, manda, mzikiti kapena mwambo, mlendo apemphe kaye, ndipo malo a asilikali ndi apolisi asawajambule n'komwe.

Zikalata, ndalama ndi thanzi

Panjira pali malo ambiri ochitira chipikisheni, choncho BI ikhale m'thumba nthawi zonse, ndipo ana akhale ndi zikalata zawo zakubadwa. Pasipoti imatengedwa ku ofesi ya SENAMI ndipo siituluka tsiku lomwelo. Nzika ya Mozambique siifunika viza paulendo waufupi wa ku Malawi, koma chidindo cha polowa ndi potuluka n'chofunika. Kuwoloka malire mwachizolowezi popita kumsika wa tsidya lina n'kosiyana ndi kudutsa dziko la eni mpaka ku Chiponde, ndipo wodzera njira zachidule angamangidwe.

Ndalama zambiri zisanyamulidwe m'thumba limodzi. M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zimagwira ntchito m'matauni ambiri, koma kumidzi netiweki imasowa, choncho mameticais ena akhale pamanja. Mabasi a maulendo ataliatali amanyamuka m'bandakucha ndipo tikiti imagulidwa dzulo lake. Mashapa amanyamuka akadzaza, osati pa ola loikika. Kuyenda usiku n'koyenera kupewedwa.

Kuchigwa ndi kugombe udzudzu ndi wambiri kuposa kumapiri kuno. Aliyense atenge neti, ndipo wotentha thupi panjira kapena atangobwerera akayezetse malungo msanga. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala, chifukwa kolera amabukabuka m'zigawo zapakati ndi kumpoto. Mu Zambezi ndi mu Cahora Bassa muli ng'ona ndi mvuu, ndipo nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, moti posamba n'pofunsa eni dera. Safunsa anadya phula.

Mwachidule, banja la ndalama zochepa liyambe ndi Tete ndi Songo. Odalira Chichewa chokha asankhe Metangula ndi Cóbuè. Gulu la alimi lofuna kuphunzira lilunjike ku Gurúè, Gorongosa kapena Chókwè. Okonda mbiri amene ali ndi sabata ziwiri apite ku Ilha de Moçambique kapena ku Gaza ndi Maputo, koma osati konse kuwiri. Kulikonse kumene kwasankhidwa, tsiku lobwerera liikidwe mvula yoyamba isanagwe, ndipo pakhomo patsale munthu woyang'anira ziweto, nkhokwe ndi dimba.